Penshoni Ilibe Msonkho, Koma Uthengawu Umafika Theka ku Petauke ndi ku Nyimba

Pa 5 Januwale 2016, pabwalo la Heroes mu Lusaka, Pulezidenti Edgar Lungu anasaina malamulo aakulu a dziko la Zambia okonzedwanso. Ambiri amakumbukira tsikulo chifukwa cha nkhani za chisankho, monga lamulo loti wofuna upulezidenti azipeza mavoti oposa theka ndiponso aziima limodzi ndi wachiwiri wake. Koma m'kati mwa chikalatacho muli ndime zitatu zimene zimakhudza kwambiri mphunzitsi wokalamba wa ku Minga ndi namwino wopuma wa ku Kacholola kuposa nkhani zonse za mavoti. Ndime 187 imati wogwira ntchito ali ndi ufulu wolandira penshoni. Ndime 188 imati ndalama za penshoni zisadulidwe msonkho. Ndime 189 imati ndalamazo ziperekedwe msanga, ndipo ngati sizinaperekedwe pa tsiku lomaliza la ntchito, munthuyo asiye ntchito koma dzina lake likhalebe pa mndandanda wa olandira malipiro mpaka tsiku limene adzalipidwe. Awa ndi malamulo abwino, ndipo si mayiko onse amene analemba zotere m'malamulo awo aakulu.

Mwa zonsezi, chimene chinayenda mtunda wonse wa msewu wa Great East, kuwoloka mlatho wa Luangwa mpaka kufika m'midzi ya mfumu Ndake ndi mfumu Kalindawalo, ndi kachiganizo kamodzi: penshoni ilibe msonkho. Kachiganizoka si kabodza. Vuto lake n'lakuti ndi theka la nkhani, ndipo theka linalo, limene limanena zimene zimadulidwabe, limatsala m'mabuku a Chingerezi mu Lusaka. Umu ndi mmene boma la Zambia, la chipani chilichonse chimene chalamulapo, lakhala likulankhulira ndi anthu opuma pantchito. Likapatsa limaimba ng'oma, likatenga limayenda monyang'ama. Amene amalipira kusiyana kumeneku ndi munthu amene alibenso malipiro a mwezi wamawa oti akonzere pamene analakwitsa.

Tiyambe ndi mawu awiri a Chingerezi amene ali m'ndimezo, oti pension benefit. Munthu amene wagwira ntchito zaka 30 akamva kuti mabenefiti ake alibe msonkho, amawerengera zonse zimene adzalandire potuluka pakhomo la ofesi: penshoni, giratuwite, malipiro a mwezi womaliza, ndi ndalama za masiku a tchuthi amene sanapume. Kwa iye zonsezi ndi mtolo umodzi, thukuta limodzi. Kwa bungwe lotolera misonkho la Zambia Revenue Authority (ZRA) ndi mitolo iwiri. Penshoni ndi giratuwite zimapita zathunthu, pamene malipiro a mwezi ndi ndalama za masiku a tchuthi zimawerengedwa ngati malipiro wamba ndipo zimadulidwa msonkho wa PAYE. Popeza masiku a tchuthi ounjikana amalipidwa nthawi imodzi, ndalamayo imakwera msanga kufika pa mlingo wapamwamba wa msonkho, umene kuyambira 2024 uli pa 37 peresenti. Munthu amayang'ana pepala lake, n'kuona mzere wolembedwa kuti msonkho, pamene wailesi inamuuza kuti msonkho kulibe. Amaganiza kuti wina wa mu ofesi wamubera, ndipo amayamba maulendo opita ku boma kukadandaula chinthu chimene lamulo linaloleza kale.

Wina anganene kuti opuma pantchito ambiri ndi aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi alangizi a zaulimi, anthu odziwa Chingerezi, ndipo malamulo amasindikizidwa poyera. Amene sanawerenge adziimbe mlandu yekha. Mfundoyi imagwa tikaona zimene zinachitika m'khoti. Tanthauzo la mawu awiri aja linavuta mpaka linakafika ku khoti loona za malamulo aakulu a dziko, pa mlandu wa anthu awiri amene anasiya ntchito ku bungwe la Anti-Corruption Commission. Mu 2018 khotilo linagamula kuti ndalama za masiku a tchuthi ndi maalawansi ena ofanana nazo sizili m'gulu la penshoni. Ngati maloya ovala mikanjo anafunika oweruza kuti awamasulire mawuwo, tingadabwe bwanji kuti mphunzitsi wa kupulayimale ku Mwanjawanthu anawamva mwina? Ndiponso amene amatsala ndi mapepalawo nthawi zambiri si mphunzitsiyo. Ndi mayi wamasiye, amene pa m'badwo wake atsikana ambiri a kumudzi sanapite patali ndi sukulu, ndipo akulandira kalata ya Chingerezi cha maloya asanavule n'komwe zovala za maliro.

Chaka ndi chaka, kumapeto kwa Sepitembala kapena m'mwezi wotsatira, nduna ya zachuma imawerenga bajeti m'Nyumba ya Malamulo, ndipo mutu umene umatsogola m'nyuzi ndi wa malipiro osadulidwa msonkho. Mlingo umenewu unali K4,000 pamwezi mu 2021, unakwera kufika K4,500 mu 2022, K4,800 mu 2023, ndi K5,100 mu 2024, pansi pa nduna Situmbeko Musokotwane. Nthawi iliyonse uthenga unali woti boma labweza ndalama m'matumba a anthu. Kwa amene ali pantchito zinali zoona ndithu: wolandira K6,000 pamwezi anapulumutsa K60 pamene mlingo unachoka pa K4,800 kufika pa K5,100. Nanga wopuma pantchito? Iye sanapeze ngakhale ngwee imodzi, chifukwa penshoni yake inali kale yosadulidwa. Palibe cholakwika pamenepo. Cholakwika n'chakuti palibe amene amaima n'kumuuza mosabisa kuti gawo ili la bajeti si lanu, lanu ndi ili. Ndipo gawo lakelo lilipo, kungoti silitchedwa ndi dzina lake.

Taonani kumene ndalama ya wopuma pantchito imapita ikangofika. M'matauni ang'onoang'ono ngati Petauke ndi Nyimba, nzeru yodziwika ya munthu amene walandira ndalama ya nthawi imodzi ndi kumanga: nyumba yogonamo, ndi ina pambali yochititsa lendi kuti izithandiza pa ukalamba. Simenti, malata, misomali ndi utoto zonse zili ndi msonkho wa VAT wa 16 peresenti. Amene wagula zomangira za K116,000 m'sitolo yolembetsedwa wasiya K16,000 m'thumba la boma, ngakhale ndalamayo inachokera ku penshoni yosadulidwa. Nyumbayo ikatha n'kulowa munthu, lendi nayo ili ndi msonkho, ndipo apa panali kusintha kwakukulu kumene eni nyumba okalamba ambiri anayenera kuuzidwa m'chilankhulo chawo. Chisanafike chaka cha 2022, wokhala m'nyumba ndiye ankayenera kudula 10 peresenti pa lendi n'kupereka ku ZRA. Kuyambira 2022 mlingo unatsika kufika 4 peresenti kwa eni nyumba ang'onoang'ono, koma udindo wolembetsa, wowerengera ndi wolipira unasamukira kwa mwini nyumba. Kutsika kwa mlingo kunalengezedwa ngati mphatso, ndipo inalidi mphatso. Koma mphatsoyo inabwera ndi katundu: nambala ya wolipira msonkho ya TPIN, mafomu a pa intaneti, ndi chilango kwa wochedwa. Amene wasankha kusunga ndalama yake pokongoza boma kudzera m'mabondi amapezanso kuti chiwongoladzanja chake chimadulidwa msonkho wosachepera 15 peresenti asanachigwire m'manja.

Palinso kamsonkho kamene sikaoneka ndi maso. Pa siteshoni ya mabasi ku Nyimba, pamene amayi amathamangira mawindo a basi ndi mikoko ya nthochi, pali timisasa ta utoto wachikasu ndi wofiira totumizirapo ndalama pafoni. Nkhalamba imafika pamenepo ndi kafoni ka mabatani kokulungidwa m'pepala la pulasitiki, n'kupereka kwa mnyamata wa m'kamsasa kuti atumize ndalama kwa mdzukulu amene ali ku koleji ku Chipata. Kuyambira Januwale 2024, ndalama iliyonse yotumizidwa kuchoka kwa munthu kupita kwa munthu mnzake inayamba kudulidwa msonkho wa boma, umene chaka chimenecho unali kuyambira 8 ngwee mpaka K1.80 malinga ndi kuchuluka kwake, pamwamba pa zimene kampani ya foni imadula kale. Ndi kandalama kochepa, ndipo boma lili ndi ufulu wotolera. Koma nkhalambayo siidziwa kuti pa zodulidwazo, zingati zapita ku kampani, zingati ku boma, ndipo zingati mnyamatayo wangowonjezera yekha. Munthu wosadziwa mtengo weniweni wa chinthu sangatsutse akauzidwa mtengo wabodza.

Chitsanzo chachikulu cha uthenga wofika theka ndi cha 2023. Bungwe la NAPSA, limene linayamba ntchito mu Febuluwale 2000 m'malo mwa thumba lakale la Zambia National Provident Fund, limatolera 10 peresenti ya malipiro, theka kwa wantchito ndi theka kwa bwana, ndipo limapereka penshoni ya mwezi ndi mwezi kwa amene wasonkha miyezi 180. Pa 17 Epulo 2023 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina lamulo lolola membala amene wasonkha miyezi 60, kapena amene wafika zaka 45, kutapako 20 peresenti ya zosonkha zake asanapume, kamodzi kokha. Linali lonjezo la pa kampeni, ndipo linakwaniritsidwa. Chaka chisanathe, mabiliyoni a kwacha anali atapita kwa anthu zikwi mazanamazana. Uthenga umene unamveka paliponse unali woti ndalama ndi zanu, tengani mukayambe bizinesi, mukamange. Chimene chinamveka motsika n'chakuti penshoni ya m'tsogolo idzawerengedwa pa zotsala. Kwa munthu amene watapa atatsala pang'ono kupuma, kuchepako kungayandikire gawo limodzi mwa magawo asanu. Tiyerekeze penshoni imene ikanakhala K2,000 pamwezi: kuchotsapo gawo lotere ndi K400 mwezi uliwonse, K4,800 pachaka, K72,000 pa zaka 15, ndipo kuchepako kumatsatiranso mkazi ndi ana amene adzatsale.

Pano mfundo yotsutsa ndi yamphamvu, ndipo iyenera kupatsidwa ulemu wake. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Anthu a m'badwo uno anaona makolo awo akulandira ndalama za Provident Fund zitadyedwa kale ndi kukwera mitengo kwa m'ma 1990. Anaona kwacha ikudulidwa maziro atatu pa 1 Januwale 2013, boma likulephera kubweza ngongole yake ya kunja mu Novembala 2020, ndi mitengo ikukwera ndi 24 peresenti ndi kupitirira pakati pa 2021. Munthu wotere akasankha ndalama ya lero m'malo mwa lonjezo la zaka 20 zikubwerazi, sanapenge. Ena anagula ng'ombe, chigayo kapena malo, zinthu zimene mwina zidzawapindulira kuposa penshoni. Ndipo NAPSA yokha inafotokozadi za kuchepa kwa penshoni m'mayankho ake kwa ofunsa. Zonsezi n'zoona, koma sizichotsa funso. Ufulu wosankha umakhala weniweni pamene wosankhayo waona mbali zonse ziwiri zikulembedwa ndi zilembo zofanana kukula. Chiganizo cha nduna pamsonkhano wa anthu zikwi ndi chiganizo cha pa tsamba la intaneti sizilemera mofanana, makamaka kudera ngati la mfumu Luembe kapena mfumu Nyalugwe kumene munthu amakwera chulu kuti apeze netiweki. Chikanavuta n'chiyani kuti aliyense, asanadine batani lomaliza, alandire uthenga wa pafoni wa m'Chinyanja wonena kuti mukatenga zakuti lero, penshoni yanu idzatsika kuchoka pakuti kufika pakuti? Manambalawo ali kale m'kompyuta. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale chaka chimenecho, chinapeza mabanja ambiri atatapa kale kamodzi kawo kaja.

Uthenga wa 20 peresenti unaonetsanso vuto lina. Boma likati penshoni, limalankhula ngati mphika ndi umodzi, pamene miphika ikuluikulu ndi itatu. Ogwira ntchito za boma amene analembedwa Febuluwale 2000 asanafike, pamodzi ndi a chitetezo, ali ku Public Service Pensions Fund, kumene munthu angatenge mpaka magawo awiri mwa atatu nthawi imodzi n'kumalandira gawo lotsalalo mwezi ndi mwezi. Ogwira ntchito akale a m'makhonsolo ali ku Local Authorities Superannuation Fund, thumba limene kwa zaka zambiri lakhala ndi mzere wautali wa odikira, mwa zina chifukwa makhonsolo sankapereka zosonkha pa nthawi yake. Otsala ndiwo a NAPSA. Lamulo la 2023 linali la mamembala a NAPSA okha amene sanayambe kulandira penshoni. Mphunzitsi amene analembedwa mu 1995 silinamukhudze. Nkhalamba imene ikulandira kale silinaikhudze. Koma mutu wa nkhani wa pa wailesi sunyamula zonsezi, ndipo munthu wa ku Petauke, pafupifupi makilomita 400 kuchokera ku Lusaka, amatha kugulitsa thumba la nshawa kuti apeze ya basi, kukangomva pawindo kuti nkhaniyi si yake. Chimodzimodzi ndi zaka zopumira: kumapeto kwa 2014 boma linazikweza kuchoka pa 55 kufika 65, ndipo mu 2015 linazibweza pa 60, ndi mwayi wopuma msanga pa 55 kapena mochedwa pa 65. M'miyezi yochepa anthu anamva manambala atatu.

Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Pamene boma silifika lokha, pamafika akandimverere: kondakitala wa basi, mwana wa mlongo amene ali ndi Facebook, mnyamata wa pa kompyuta amene amadzaza mafomu a eNAPSA n'kulipiritsa mmene wafunira. Ambiri a iwo ndi a mtima wabwino, kungoti nawonso anamva theka. Kumbuyo kwawo kumabwera mbava. Eni mafoni ambiri m'Zambia analandirapo uthenga wachinyengo wowauza kuti atumize ndalama pa nambala yakuti, ndipo bungwe loyang'anira za mafoni la ZICTA lakhala likuchenjeza za zimenezi. Nkhalamba imene yadikira mabenefiti zaka zitatu, ikaimbiridwa ndi munthu wa mawu aulemu wonena kuti fayilo yatuluka koma pakufunika kamsonkho kotsegulira, imakhulupirira mosavuta. Chitetezo chake chikanakhala chiganizo chimodzi chimene boma likanachibwereza mpaka chitalowa m'mutu mwa aliyense: palibe msonkho kapena chiphaso chimene munthu amalipira pafoni ya munthu wina kuti penshoni yake ituluke. Uthenga wathunthu ndi mpanda. Wa theka umasiya chipata chotsegula.

Ena amati kumasulira nkhani za msonkho m'zilankhulo za makolo n'kodula ndiponso n'kovuta, poti ngakhale ku Petauke ndi ku Nyimba anthu ambiri amalankhula Chinsenga, osati Chinyanja cha m'mabuku. Koma njira zilipo kale ndipo boma limazidziwa bwino. Wailesi yoyamba ya ZNBC imaulutsa m'zilankhulo zisanu ndi ziwiri, Chinyanja chili momwemo. Ku Petauke kuli wailesi za PASME ndi Explorers, ku Chipata kuli Breeze FM ndi Radio Maria, ndipo oulutsa ake amalankhula mmene anthu amalankhulira pamsika. Nthawi ya kalembera wa mavoti, bungwe loyendetsa chisankho limasindikiza mauthenga m'zilankhulo zonsezo. Nthawi ya feteleza wotsika mtengo wa FISP, palibe mudzi umene sudziwa tsiku lomaliza kulipira, chifukwa uthenga umadutsa kwa mlangizi, kwa mlembi wa kopaletivu, kwa nyakwawa, mpaka pa zolengeza za m'tchalitchi Lamlungu. Ndalama ya chitukuko ya CDF itakwera kufika K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense mu 2022, nambalayo inalowa m'makutu a aliyense. Tsono boma likafuna kumvedwa limamvedwa. Kusowa kwa uthenga wa penshoni ndi msonkho m'njira zomwezi n'kusankha, ngakhale kutakhala kusankha kosaganizira. Za kuvuta kwa mawu, anthu amene amawerengera mtengo wa thonje pa kilo, kuchotsapo ngongole ya mbewu ndi mankhwala, sangalephere kumva 4 peresenti ya lendi ikanenedwa m'makwacha. Chimene chimasokoneza anthu si masamu ayi, ndi Chingerezi cha m'maofesi.

Pali ena amene angati kudandaula kotere n'kusayamika, poti boma la Pulezidenti Hichilema linachita zambiri kwa opuma pantchito. Zina mwa zimenezo n'zosatsutsika. Bajeti ya 2022 inapatula ndalama zoposa K2 biliyoni zolipirira opuma amene ankadikira, anthu ena amene m'zaka za m'mbuyomo ankachita kugona panja pa maofesi a unduna wa zachilungamo mu Lusaka kuti amvedwe. Lamulo la kumapeto kwa 2022 linalola amene anali ndi ndalama ku Provident Fund yakale kuti azitenge osadikira zaka zimene zinaikidwa poyamba. Koma n'chifukwa chake uthenga wa theka uli wotayitsa ngakhale kwa boma lenilenilo. Munthu amene walonjezedwa mbuzi n'kulandira mbuzi yopanda mwendo umodzi amaiwala miyendo itatu, amakumbukira umodzi wosowawo. Akanauzidwa poyamba kuti mwendo umodzi ndi wa mfumu, akanapita kwawo akuthokoza. Nduna ikanena kuti ngongole zonse za opuma zalipidwa, ikutanthauza thumba limodzi mpaka tsiku lakuti. Wopuma wa khonsolo amene akudikirabe ku thumba lina amamva ngati akumunyoza, ndipo mawa akamva zoona zenizeni kuchokera pakamwa pomwepo sazikhulupiriranso.

Mfundo yomaliza yotsutsa ndi yoti olandira penshoni ndi ochepa kwambiri m'maboma a alimi ngati awa. N'zoona, okalamba ambiri a m'midzi ya Chinsenga sanalembedwepo ntchito ya malipiro, ndipo chimene amayembekezera ndi ndalama ya chithandizo cha boma ya Social Cash Transfer, imene mbali yake ya okalamba inayesedwa koyamba pafupi pomwepa, ku Katete, mu 2007. Koma kuchepa kwa opuma pantchito sikufanana ndi kulemera kwawo pamudzi. Mphunzitsi wopuma ndiye mlembi wa mpingo, msungichuma wa kopaletivu, wowerengera anzake makalata, ndiponso amene amalipirira sukulu ana amasiye a pabanja lonse. Penshoni imodzi imadyetsa makomo angapo. Iye akasokonezeka, mudzi wonse umasokonezeka naye, ndipo achinyamata amene akuona mmene akuvutikira ndi omwewo amene NAPSA ikuwanyengerera lero kuti ayambe kusonkha ngakhale ali alimi, oyendetsa njinga zamoto kapena ogulitsa pamsika. Palibe chikwangwani chimene chingakope wachinyamata kulowa m'thumba la penshoni kuposa nkhalamba ya pamudzi pake imene ikudziwa bwinobwino zimene imalandira ndi chifukwa chake.

Chofunika si chachikulu. Bajeti ikawerengedwa, unduna wa zachuma, ZRA ndi matumba atatu aja akhoza kutulutsa tsamba limodzi la opuma pantchito, m'zilankhulo zisanu ndi ziwiri, lonena m'makwacha zimene zasintha, zimene sizinasinthe, amene zikumukhudza ndi amene sizikumukhudza, ndi tsiku loyambira. Tsambalo likhoza kuwerengedwa pa wailesi za m'deralo ndi munthu woti omvera amuimbire n'kumufunsa, n'kupachikidwa pa bolodi la kwa mkulu wa boma (DC), la kukhonsolo, la ku ofesi ya maphunziro ndi la kuchipatala. Pali ngakhale nthawi yokonzeka kale: chaka chilichonse wolandira penshoni amayenera kutsimikizira kuti ali moyo, apo ayi ndalama imaimitsidwa. Boma limene limakumbukira kufunsa nkhalamba chaka ndi chaka ngati ikupumabe lingathe kuipatsa pepala limodzi pa tsiku lomwelo. Kuyambira Disembala 2023 Zambia ili ndi lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza zidziwitso za boma, ndipo aphungu ndi makhansala a Petauke ndi Nyimba ali ndi poyambira pofunsa kuti tsamba lotere lili kuti.

Pamene tikudikira zimenezo, inu amene mwatsala chaka chimodzi kapena ziwiri kuti mupume, musadikire tsiku la phwando lotsanzikana. Pitani kwa woona za antchito mukafunse kuti muli m'thumba liti, ndipo zosonkha zanu zonse zinafikadi kumeneko. Muuzeni akulembereni papepala, mzere ndi mzere, ndalama zimene zidzabwere zathunthu ndi zimene zidzadulidwe. Ngati mabenefiti achedwa, tchulani ndime 189 ndipo funsani za dzina lanu pa mndandanda wa malipiro. Pepalalo mukafika nalo kunyumba muwawerengere amayi kapena abambo a kunyumbako m'chilankhulo chimene mumalankhula pa nsima, ndipo muwaonetse pamene mwalisunga.